JOHN KIRK, SING'ANGA WOTOLA NKHONO

Tonse a muno mu Livingstone tidziwa mzungu amene tauni yathu inatengako dzina. Koma ndi owerengeka amene anamvapo za John Kirk, mnyamata amene anafika naye pa Mosi-oa-Tunya mu Ogasiti 1860.

Kirk anabadwa pa 19 Disembala 1832 ku Barry m'dziko la Scotland, ndipo anaphunzira za mankhwala ku Edinburgh. Mu 1858, ali ndi zaka 25, anasankhidwa kukhala sing'anga pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi. Anampatsanso nchito yosonkhanitsa zomera ndi tamoyo tina. Kuyambira kumene Zambezi athira m'nyanja ya mcere, kukwera ndi Shire mpaka ku Nyanja ya Nyasa, iye anali kutola masamba, mbewu ndi zigoba za nkhono, nalemba malo amene anapeza ciliconse.

Pobwerera kucokera kuno ku mathithi, bwato lake linagubuduka pa Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa. Iye anapulumuka, koma zolemba ndi zojambula zake za miyezi yambiri zinapita ndi madzi. Mlimi amene nkhokwe inampsera adziwa kuwawa kwake. Kirk anayambanso kutola.

Zigoba zimene zinafika ku Ulaya anaziyesa katswiri wa ku Germany, Heinrich Dohrn, nalemba mndandanda wake mu 1865. Nkhono yaikulu ya m'Nyanja ya Nyasa anaipatsa dzina lakuti Lanistes nyassanus, limene lili m'mabuku mpaka lero.

Wina angaseke kuti munthu wophunzira cotere ataye nthawi ndi nkhono. Nayenso Kirk sanadziwe kumene nchito yotere idzafika. Mu 1915 Robert Leiper anaonetsa ku Egypt kuti tizirombo ta likodzo timakulira m'nkhono za m'madzi tisanalowe pakhungu la munthu. Koma si nkhono iliyonse ai. Likodzo lokodzetsa magazi limadzera mu mtundu wa Bulinus, la m'matumbo mu Biomphalaria, pamene Lanistes ija ilibe mlandu. Akadapanda kuyamba kale anthu osiyanitsa nkhono ndi kuzipatsa maina, a zaumoyo sakadadziwa kuti ndi dziwe liti loletsa ana kusambamo. Alimi a ng'ombe, nanunso tizirombo toononga ciwindi ca ziweto zanu timadzera m'nkhono za m'madambo.

Matenda anamcotsa pa Zambezi mu 1863. Mu 1866 anapita ku Zanzibar, kumene anakhala zaka makumi awiri pa nchito ya boma la Britain. Kumeneko mu 1873 anakakamiza mfumu Barghash kusaina pangano lotseka msika wa akapolo, umene unameza abale athu ambiri a ku Nyanja.

Anamwalira pa 15 Januwale 1922 ku Sevenoaks, ali ndi zaka 89. Mapiri a Kirk Range, m'malire a Malawi ndi Mozambique, anachedwa ndi dzina lake.