John Wesley, Mlaliki Amene Anali Kuwerenga Maola Ake

Dandaulo limene timamva kawirikawiri pa misonkhano ya akulu a mpingo, ya amayi ndi ya acinyamata ndi lakuti nthawi siikukwana. Aphunzitsi ali ndi mulu wa mabuku a ana, amayi a pa msika amacoka panyumba kusanace, ndipo tsiku la Sondo likafika anthu omwewa timawafunanso ku kwaya ndi ku komiti. Pa cifukwa ici, mwezi uno tasankha kukumbutsana mbiri ya a John Wesley, munthu amene anagwira nchito yoculuka koposa ndi maola 24 omwewa amene tonse tili nawo. Ambiri a ife ndife zidzukulu zawo m'cikhulupiriro, popeza mpingo wa Methodist unali umodzi mwa mipingo imene inalumikizana mu 1965 n'kupanga United Church of Zambia, ndipo sukulu za Kafue ndi Chipembi zinayambidwa ndi amishoni a mpingo umenewu.

A Wesley anabadwa mu June 1703 ku Epworth, m'dziko la England. Atate awo, a Samuel, anali mbusa wa mpingo wa Anglican. Amayi awo, a Susanna, anabala ana 19, ngakhale kuti ambiri mwa iwo anamwalira ali makanda. M'nyumba ya ana ambiri cotero, a Susanna anaika nthawi ya ciliconse: ya kudzuka, ya kudya, ya kuphunzira ndi ya kugona. Mwana aliyense anali ndi madzulo ake pa sabata oceza ndi amayi awiriwiri za moyo wake wauzimu, ndipo madzulo a John anali a Lacinayi. Mu 1709 nyumba yawo inapsa usiku, mwanayo ali ndi zaka zisanu, ndipo anansi anamuturutsira pawindo denga litangotsala pang'ono kugwa.

Mu 1720 anapita ku yunivesite ya Oxford. Mu 1725, caka cimene anadzozedwa udikoni, anawerenga mabuku a Jeremy Taylor onena za moyo woyera, ndipo anatsimikiza mtima kuyamba kulemba m'mene anali kugwiritsira nchito tsiku lililonse. Anali kulemba m'kabuku, m'zilembo zacidule, nthawi imene anadzuka, cimene anawerenga, amene analankhula naye ndi nthawi imene anapemphera. Pofika 1734 anali kulemba ola ndi ola. Cizolowezi ici sanacileke mpaka masiku owerengeka asanamwalire. Phindu lake linali lakuti ola lotayika silinathe kubisala, cifukwa madzulo linali kuonekera papepala.

Kuyambira 1729 iwo, mng'ono wawo Charles ndi anzawo ocepa anali kukumana mokhazikika kuwerenga Malembo, kusala kudya Lacitatu ndi Lacisanu, ndipo pambuyo pake kucezera akaidi m'ndende ndi odwala. Ophunzira anzawo anawaseka cifukwa ca ndondomeko yawo yosaphonya, nawapatsa dzina lacipongwe lakuti Methodist, kutanthauza anthu a ndondomeko. Dzina lacipongwelo ndilo linakhala.

Kudzuka 4 koloko m'mawa kumene a Wesley amadziwika nako sikunayambe ndi lumbiro ayi, kunayamba ndi kuyesa. Iwo eni anafotokoza mu ulaliki wawo wocokera pa Aefeso 5:16 kuti ali mnyamata anali kudzidzimuka pakati pa usiku n'kukhala m'maso nthawi yaitali. Anaganiza kuti mwina anali kukhalitsa pabedi kuposa m'mene thupi linafunira. Anapeza wochi ya belu, naichera kuti iwadzutse 7 koloko, koma usiku wotsatira tulo tinasowabe. Anaibweza pa 6 koloko, kenaka pa 5 koloko, osasintha kanthu. Atafika pa 4 koloko, kudzidzimuka kuja kunatha. Anasunga ola limenelo zaka pafupifupi 60, ndipo ulaliki woyamba wa tsiku unali kucitika 5 koloko kuti anchito amve Mau asanapite ku nchito. Tionjezepo cimene okonda nkhani iyi amaiwala: a Wesley anali kugona msanga, ca m'ma 10 koloko usiku, ndipo anaphunzitsa kuti munthu wamkulu afunika tulo toposa maola asanu ndi limodzi. Wogona pakati pa usiku ali pa foni asayembekezere kudzuka 4 koloko n'kukhala ndi mutu wabwino.

Koma ndondomeko yonseyi poyamba siinabale zipatso. Mu 1735 ananyamuka pa sitima ya pamadzi kupita ku Georgia, ku America, kukatumikira. Ngakhale m'sitimamo anagawa maola: kupemphera, kuwerenga Baibulo, kuphunzira Cijeremani. Namondwe atawomba, iwo anagwidwa ndi mantha a imfa, pamene akhristu a Moravian amene anali nawo paulendo anapitiriza kuyimba mosatekeseka. Ku Savannah anauma mtima pa malamulo a mpingo mpaka anthu anatopa nawo. Mtsikana amene anali kumufuna koma osatsimikiza mtima anakwatiwa ndi mwamuna wina, ndipo a Wesley atamukaniza Mgonero, nkhani inafika ku khoti. Mu December 1737 anacoka ku Georgia mlandu usanathe. Kabuku kanali kodzaza, ola lililonse lili ndi nchito yake, koma mwini kabukuyo anabwerera kwawo wosweka mtima, akukayika ngati iye mwini anali wotembenuka.

Pa 24 May 1738 anapita monyinyirika ku msonkhano wa mapemphero mu msewu wa Aldersgate ku London. Kumeneko wina anali kuwerenga mau oyamba amene Martin Luther analemba pa kalata ya Paulo kwa Aroma, ndipo a Wesley anatsimikizika mumtima kuti Khristu anacotsa macimo awo mwa cisomo cokha. Zizolowezi zawo sizinasinthe: ola lodzuka linali lomwe lija, kabuku komwe kaja. Cimene cinasintha ndi cifukwa cocitira zonsezi. Kale anali kuwerenga maola monga munthu wobweza nkhongole kwa Mulungu. Tsopano anali kuwawerenga monga kapitao wosunga cuma ca Mbuye wake. Ife tikhulupirira kuti pamenepa ndi pamene pagona mbiri yonse ya munthu uyu.

Pa 2 April 1739, ataitanidwa ndi mnzawo George Whitefield, analalikira pabwalo ku Bristol kwa anthu pafupifupi 3,000. Macalichi ambiri anali atawatsekera zitseko, cotero msewu unakhala guwa lawo. Olemba mbiri amawerengera kuti m'zaka zoposa 50 zotsatira anayenda makilomita pafupifupi 400,000, ambiri a iwo pa kavalo, nalalikira maulaliki oposa 40,000. Ulendo wa pa kavalo unali kudya maola ambiri a tsiku, ndipo iwo sanalole kuti maolawo apite pacabe: anali kulekerera zingwe pakhosi pa kavalo, n'kumawerenga mabuku a mbiri, a ndakatulo ndi a nzeru za anthu. Atakalamba anayamba kuyenda pa ngolo yokokedwa ndi akavalo, momwe anaikamo mabuku ndi polembera. Mwa njira iyi anasindikiza mabuku mazanamazana, ena olemba okha, ena ofupikitsa a anthu ena kuti osauka athe kugula ndi kuwerenga. Pakati pa 1749 ndi 1755 anaturutsa mabuku 50 a Christian Library. Analembanso buku la mankhwala osavuta kupeza mu 1747, ndi lina lotsutsa ukapolo mu 1774. Ambiri a ife timakhala ola lathunthu mu minibasi m'mawa uliwonse, ndipo tidziwa tokha cimene timacita nalo olalo.

Komabe si kudzuka m'mamawa kapena kuwerenga pa kavalo kumene kunakulitsa nchito yawo. Whitefield anali mlaliki wamphamvu kuposa iwo, koma makamu ake ambiri anamwazika. A Wesley anaphunzira kugawira ena nchito. Mu 1742 gulu la ku Bristol linali ndi nkhongole ya nyumba yopemphereramo, ndipo mmodzi wa iwo anapereka maganizo akuti aliyense azipereka peni imodzi pa sabata. Anagawa anthu m'timagulu ta anthu 12, kagulu kalikonse ndi mtsogoleri wake wotolera ndalamazo. Posakhalitsa atsogoleriwo anayamba kubweretsa ndi mbiri ya anthu awo: wakuti wadwala, wakuti wabwerera ku mowa, akutiakuti ayambana. A Wesley anaona kuti apeza njira yowetera nkhosa zikwizikwi popanda iwo kufika khomo lililonse, ndipo timagulu timeneti tinakhala msana wa mpingo wa Methodist. Analolanso anthu osadzozedwa kulalikira, ngakhale kuti poyamba sanafune, ndipo amayi awo ndiwo anawacenjeza kuti asaletse mnyamata woyamba amene anayesa. Kuyambira 1744 anali kusonkhanitsa alaliki caka ndi caka kuti akambirane nchito. Malamulo amene anawapatsa anali olunjika: asakhale opanda nchito, asataye nthawi pa nchito zopanda pake, asakhalitse pamalo kuposa m'mene kufunikira, acite ciliconse pa nthawi yake yeniyeni, ndipo awerenge maola osacepera asanu pa tsiku. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu wokangalika kwambiri ndiye amacedwa kuvomereza zimenezi.

Sitingakhale oona mtima tikabisa mtengo umene ena analipira. Samuel Johnson, wolemba wochuka wa nthawi imeneyo, anali kukonda kuceza nawo, koma anadandaula kuti a Wesley analibe mpata wokhala pansi, nthawi zonse anali ndi ola lonyamukira. Pa sukulu imene anatsegula ku Kingswood mu 1748, ana anali kudzutsidwa 4 koloko ndipo analibe nthawi yosewera. Ici tinena mosabisa kuti cinali colakwa. Cimene munthu wamkulu wadzisankhira yekha atayesa thupi lake si coyenera kucisenzetsa mwana.

Cowawa koposa cinali ca m'banja. Mu 1751, ali ndi zaka 47, anakwatira Mary Vazeille, mayi wamasiye wa ana anayi. Asanathe ndi mwezi womwe anali atabwerera pamsewu, atatsimikiza kuti mlaliki wokwatira sayenera kucepetsa ulaliki umodzi kapena tsiku limodzi la ulendo. Mayiyo anayesa kuyenda nawo, koma mvula, misewu yoipa ndi magulu a anthu oponya miyala zinamulemetsa. Nsanje inalowa cifukwa ca makalata amene mwamuna wake anali kulemberana ndi amayi a mumpingo, ndipo anacoka panyumba kangapo mpaka anapatukana. Mayiyo anali ndi zofooka zake, koma pa zimene amayi Susanna anacitira mwana aliyense, zomupatula madzulo akeake, mwana wawoyu sanatengereko pa mkazi wake. Mary atamwalira mu October 1781, a Wesley anamva za maliro ataikidwa kale.

Anagwirabe nchito mpaka ukalamba weniweni, maso atacita mdima ndi dzanja likunjenjemera. Ulaliki wawo wotsiriza unali pa 23 February 1791 ku Leatherhead. Tsiku lotsatira anatumiza kalata kwa William Wilberforce yomulimbikitsa kuti asafooke polimbana ndi malonda a akapolo. Anamwalira pa 2 March 1791 ku London ali ndi zaka 87, atasiya mamembala oposa 70,000 ku Britain ndi Ireland, ndi ena zikwizikwi ku America. Ndalama zambiri zimene mabuku awo anabweretsa anali atazipereka kale kwa osowa. Anasiya atalamula kuti bokosi lawo linyamulidwe ndi amuna osauka asanu ndi mmodzi, ndi kuti aliyense wa iwo apatsidwe paundi imodzi. Poopa kuculuka kwa anthu, anawaika m'manda pa 9 March kuseri kwa chalichi ca City Road, ca m'ma 5 koloko m'mawa, kunja kukali mdima.