Ge Hong

Ge Hong (283 – 343) anali sing'anga, mlembi komanso katswiri wa chiphunzitso cha Dao ku China, m'nthawi ya ufumu wa Jin. Amakumbukiridwa kwambiri chifukwa cha zomwe analemba zokhudza zitsamba za mtundu wa Artemisia.

Moyo wake

Anabadwira ku Jurong, pafupi ndi mzinda womwe lero ndi Nanjing. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka pafupifupi 13. Anaphunzira kwa Zheng Yin, ndipo mu 303 anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi zigawenga za Shi Bing. Anakwatira Bao Gu, yemwe ankachiza njerewere potentha masamba ouma a chitsamba cha ai pakhungu. Ge Hong anamwalirira paphiri la Luofu ku Guangdong.

Ntchito ya mankhwala

Buku lake lotchedwa Zhouhou Beiji Fang analilembera anthu osauka okhala kutali ndi asing'anga, choncho anasankha mankhwala osavuta kupeza. Analongosola malo otentherapo ai pathupi m'mawu oti munthu wamba amve. Njirayi ikugwirabe ntchito ku China, koma imasiya mabala amoto ngati wochizayo sasamala, ndipo utsi wake umasautsa odwala mphumu.

Chofunika koposa ndi chomwe analemba za qinghao, chitsamba china cha banja lomwelo, pochiza malungo. Sanalangize kuchiwiritsa monga zinkachitikira ndi zitsamba zambiri, koma kuviika chodzaza dzanja m'madzi, kufinya ndi kumwa madziwo. Mu 1971 wasayansi Tu Youyou atawerenga zimenezi anaganiza kuti kutentha kumawononga mphamvu ya chitsambachi. Anasintha njira, ndipo mu 1972 gulu lake linapeza artemisinin. Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Mankhwala a LA, omwe dziko la Malawi linayamba kupereka mu 2007 ndipo amafika ngakhale kuzipatala zakumidzi monga za ku Tsangano, ali ndi artemether wochokera ku artemisinin. Komabe bungwe la WHO sililimbikitsa kumwa tiyi wa masambawa m'malo mwa mapiritsi, chifukwa mlingo wake sukhala wofanana.

Si zonse za Ge Hong zomwe zinali zothandiza. M'buku la Baopuzi anatamanda mankhwala okhala ndi mercury ngati opatsa moyo wosafa, pomwe mercury ndi poizoni.