Inkosi Gomani Wachiwiri, Mwana wa Nyumba ya Maseko

Ife a kuno ku Milepa ndi dziko lonse la Chiradzulu tidayamba kumva za nyumba ya Maseko ndi mantha, pakuti m'chaka cha 1884 ankhondo a Chikuse adaoloka Shire nasakaza midzi ya kufupi ndi Blantyre ndi Zomba, anthu nathawira m'mapiri. Koma mdzukulu wa Chikuse yemweyo ndiye adadzaimirira anthu a mitundu yonse ya dziko lino, wopanda nthungo m'manja.

Makolo ake adachokera kutali kumwera, pothawa nkhondo za m'masiku a Shaka. Mputa adawatsogolera kufikira ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania, nafera komweko. Mbale wake Chidyaonga adabwerera nalo pfukolo nalikhazika ku Domwe. Pambuyo pake ufumu udagwera Chikuse mwana wa Mputa, ndipo iye atamwalira mu 1891 adalowa mwana wake Gomani. Ameneyu sadakhalitse. Adayamba walimbana ndi mbale wake Kachindamoto, kenaka adautsa mkwiyo wa Azungu pothira nkhondo midzi yoyandikana ndi mishoni ya ku Dombole. Asilikali a Boma adamgwira namuombera pa 27 October 1896. Angoni amasimba kuti adakana kuyenda womangidwa ngati kapolo, nasankha kufera pomwepo.

Mwana wake Zitonga, amene adadziwika ndi dzina la Philip, anali wa zaka zitatu zokha. Adakula ufumu uli wosweka, dziko lake litadulidwa pakati ndi malire a Angerezi ndi Apwitikizi, Domwe ali tsidya lija. M'zaka zomwezo, mu 1901, mfumu Njobvuyalema, mmodzi wa akuluakulu a Angoniwo, idalandira ansembe oyamba a chipani cha Montfort ku Nzama. Philip adalongedwa ufumu mu 1921, nakhala ku Lizulu m'boma la Ntcheu.

Kwa zaka makumi atatu Boma lidamuwerengera pakati pa mafumu omvera. Adaweruza milandu, adasonkhetsa msonkho, ndipo munthu womuona akadayesa kuti moto wa atate ake udazima.

Zidasintha mu 1953, pamene Angerezi adatsimikiza zolumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'Chitaganya. Anthu a kuno, amene ambiri adapitako ku Southern Rhodesia kukagwira nchito, ankadziwa bwino m'mene munthu wakuda adalandidwira nthaka kumeneko, ndipo adakana. Mafumu ambiri adadandaula ndi pakamwa. Gomani, ngakhale anali wodwala ndi wofoka thupi, adapitirira apo: m'mwezi wa May adauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a malimidwe, a nkhalango ndi a ziweto. Ena anganene kuti mizere ndi migula sizidalakwe kanthu, ndipo nzoona. Koma mfumu yopanda asilikali inalibe chida china chimene Boma likadachimva kuwawa.

Bwanamkubwa Sir Geoffrey Colby adamuimitsa pa ufumu, nalamula kuti achotsedwe m'boma la Ntcheu. Apolisi atafika ku Lizulu kudzamtenga, khamu la anthu lidawatsekereza, ndipo m'chipwirikiticho mfumu idaolokera m'dziko la Apwitikizi pamodzi ndi mwana wake Willard ndi mbusa wa Anglican, Michael Scott, amene anali mlendo wake. Apwitikizi adawagwira nawabweza. Scott adapirikitsidwa m'dziko muno, ndipo Gomani adampereka ku chipatala cha Malamulo m'boma la Thyolo, kutali ndi anthu ake. Kumeneko adamwalira pa 12 May 1954, Chitaganya chitayamba kale.

Mtembo wake adabwerera nawo ku Lizulu, kumene adaikidwa ndi namtindi wa anthu. Chitaganya chidatha pa 31 December 1963, Willard adalowa ufumu monga Gomani Wachitatu, ndipo mu 2012 nkhope ya Philip Gomani idasindikizidwa pa ndalama ya K50.