Georg Ohm, mphunzitsi wa ku sekondale amene anayeza magetsi m'waya

Anzanga a Fomu 3 ndi 4, V = IR ija timaloweza mu Fizikisi ili ndi mwiniwake. Dzina lake ndi Georg Simon Ohm, ndipo anabadwa pa 16 Malichi 1789 ku Erlangen, m'dziko la Germany. Bambo ake anali mmisiri wa maloko. Sukulu sanapite nayo patali, koma ankadziwerengera okha mabuku mpaka kumaphunzitsa ana awo masamu pakhomo.

Ku yunivesite mnyamatayu anayamba ndi chibwana: kuvina ndi masewera basi. Bambo atapsa mtima anamutumiza ku Switzerland, komwe anayamba uphunzitsi mu 1806. Digiri anadzaitenga mu 1811.

Mu 1817 anapeza ntchito pa sekondale ina ku Cologne, ndipo n'kumeneko anayamba kuyesa mawaya aatali ndi aafupi, onenepa ndi owonda. Mabatire a nthawiyo mphamvu yake inkangosinthasintha, ndiye iye analumikiza zitsulo ziwiri zosiyana, mbali ina n'kuika m'madzi owira, ina mu ayezi, kuti apeze magetsi okhazikika. Anapeza kuti voteji ikawirikiza kawiri, karenti nayonso imawirikiza kawiri.

Chodabwitsa n'chakuti zonsezi anachita asakudziwa chimene chimayenda m'wayamo. Elekitironi anadzaitulukira J. J. Thomson mu 1897, ndipo mu 1900 Paul Drude anafotokoza kuti ma elekitironi amayenda akuwombanawombana m'chitsulo. Liwiro lake mungaseke. M'waya wa kopa wa 1 mm² wonyamula ampeya imodzi, amasuntha pafupifupi 0.07 mm pa sekondi, kapena kuti masentimita 26 pa ola lathunthu. Nkhono ikhoza kuwapitirira! Nanga bwanji tochi imayaka pompopompo? Wayayo amakhala atadzaza kale ma elekitironi, ngati paipi yodzaza madzi: mukakankha kuno, uko atuluka nthawi yomweyo.

Buku lake la mu 1827 akatswiri ambiri a kwawo sanalilabadire. Zinamuwawa moti anasiya ntchito ku Cologne, n'kukhala zaka zingapo ku Berlin akuphunzitsa mwa ganyu. Ulemu unayambira kunja: mu 1841 bungwe la Royal Society la ku London linamupatsa mendulo ya Copley. Mpando wa pulofesa wa Fizikisi ku yunivesite ya Munich, umene anaufuna moyo wake wonse, anaupeza mu 1852, ali ndi zaka 63. Anamwalira pa 6 Julayi 1854, atangoukhalira zaka ziwiri zokha.