DUDLEY RANDALL, MSINDIKIZI WA NDAKATULO ZA ANTHU AKUDA

Dudley Randall adabadwa m'caka ca 1914 mu mzinda wa Washington ku Amereka. Atate ace adali mbusa wa mpingo, amai ace mphunzitsi. Ali wamng'ono, banja lonse lidasamukira ku Detroit. Atakula adagwira nchito zaka zisanu pa ng'anjo zosungunulira citsulo za kampani ya Ford, pambuyo pace ku positi, ndipo pa nkhondo yaciwiri adalowa usilikari. Atabwerako adaphunzira pa Yunivesite, nakhala wosunga mabuku m'nyumba zowerengeramo.

Pa 15 September 1963, tsiku Lamulungu, azungu odana ndi anthu akuda adaphulitsa bomba pa chalichi ca Baptist ku Birmingham, m'cigawo ca Alabama, ndipo atsikana anai adafa. Randall, mtima utamuwawa, adapeka ndakatulo yochedwa Ballad of Birmingham. Imanena za mai amene adaletsa mwana wace kupita ku cionetsero ca ufulu poopa ciwawa, namtuma ku chalichi, poyesa kuti kumeneko sikungafike coipa.

Woyimba wina adaiika m'nyimbo. Tsono m'caka ca 1965 Randall, pofuna kuti mau ace asalandidwe, adaisindikiza pa pepala limodzi, nalipira madola 12 a m'thumba mwace. Ici ndico ciyambi ca Broadside Press, ndipo dzinali litanthauza pepala limodzi lotere. Ofesi yace idali cipinda ca m'nyumba mwace, ndipo nchitoyo ankaigwira ataweruka ku nchito ya malipiro.

Masiku amenewo nyumba zazikuru zosindikiza mabuku sizinkasamala kweni-kweni alakatuli akuda. Randall adawatsegulira khomo. Adasindikiza ndakatulo za Margaret Walker, Sonia Sanchez, Nikki Giovanni ndi Audre Lorde, zodandaula za tsankho, umphawi ndi nkhanza. M'caka ca 1968 adaturutsa buku la Etheridge Knight, mwini wace akali m'ndende. Ngakhale Gwendolyn Brooks, amene adali wochuka kale, adasiya kampani yaikuru ya ku New York napereka mabuku ace kwa Randall. Timabukuto tinkagulidwa pa mtengo wocepa, kuti nawonso amphawi athe kuwerenga. M'zaka zomwezo Randall adatumikira m'nyumba ya mabuku ya Yunivesite ya Detroit, ya Ansembe a Cijezuiti.

Koma ndakatulo sizilemeretsa munthu. Ngongole zidacuruka, ndipo m'caka ca 1977 adagulitsa Broadside Press. Adadwala matenda a cisoni zaka zingapo, osalembanso kanthu. Atacira adayambanso kupeka, ndipo m'caka ca 1981 mzinda wa Detroit udamsankha kukhala mlakatuli wace waulemu. Adamwalira pa 5 August 2000, ali ndi zaka 86.

Akulu adati pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Munthu ameneyu adayamba ndi pepala limodzi, ndipo mau a alakatuli ambiri amene akadatha kuiwalika akuwerengedwabe mpaka lero.