Alan Turing

Alan Turing (23 June 1912 – 7 June 1954) anali katswiri wa masamu wa ku Britain. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ankamasulira mauthenga achinsinsi a asilikali a Germany ku Bletchley Park.

Mu 1946 anapereka pulani ya kompyuta yotchedwa ACE. Anafotokozamo kuti makina akamapatuka kukagwira kantchito kena, azisunga malo obwererapo, atsopano pamwamba pa akale. Masiku ano mulu umenewu umatchedwa stack. Kernel, yomwe ndi phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ikaima mwadzidzidzi, akatswiri amaufukula kuti apeze pomwe palakwika.

Mu 1952 khoti linamupeza wolakwa chifukwa chogonana ndi mwamuna mnzake. Anafa ndi poizoni ku Wilmslow. Mfumukazi Elizabeth II inamukhululukira mu 2013.