Harry Johnston, Mwini Dzina Lakale la Mangochi

Achikulire ambiri a m'dera lino akukumbukirabe nthawi imene kalata yopita ku boma la Mangochi inkalembedwa kuti Fort Johnston. Dzinalo lidachoka dziko litalandira ufulu, ndipo achinyamata ambiri amene amadutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi sadziwa kuti mwini wake adali yani. Munthuyo ndi Harry Hamilton Johnston, bwanamkubwa woyamba wa atsamunda m'dziko muno. Adali katswiri wojambula zithunzi, wotolera zomera ndi zinyama, wophunzira zinenero, komanso munthu wosazengereza kuwombera mizinga pa midzi ya anthu.

Johnston adabadwira ku London pa 12 June 1858. Ali mnyamata ankakhalitsa kumalo osungirako nyama mumzindawo akuzijambula, ndipo adaphunzira zojambula ku Royal Academy. Luso limeneli ndi limene lidayamba kumuyendetsa mu Africa. Adafika ku Tunis mu 1879, adakumana ndi Henry Morton Stanley ku Congo mu 1883, ndipo mu 1884 adatumidwa ku phiri la Kilimanjaro kukatolera zomera ndi zamoyo zina. Kumeneko adabwerako ndi zitsamba zouma pamodzi ndi mapangano a malo amene adachita ndi mafumu. Boma la Britain lidaona kuti wojambulayu angagwire ntchito ina, ndipo lidamutenga.

M'chaka cha 1889 adatumidwa ku Mozambique ngati kazembe, nakwera mtsinje wa Shire pa nthawi imene Angerezi ndi Apwitikizi ankalimbirana dziko lino. Mkangano womwewo udakhudza mbiri ya Mpingo wathu. Ansembe a chipani cha White Fathers adafika kwa Mponda kumapeto kwa December 1889 atadzera m'manja mwa Apwitikizi, ndipo adachoka mu June 1891 osabatiza gulu la akhristu monga ankayembekezera. Chaka chomwecho cha 1891 Johnston adakhala bwanamkubwa wa dziko limene posakhalitsa lidatchedwa British Central Africa, likulu lake ku Zomba. Ndalama zambiri zoyendetsera boma lakelo zinkachokera ku kampani ya Cecil Rhodes, mapaundi 10,000 pachaka.

Kumwera kwa nyanja kudali mafumu amphamvu a Chiyao: Mponda pa mtsinje wa Shire, Makanjira ku gombe la kum'mawa, ndi Jalasi, amene azungu ankamulemba kuti Zarafi, pa phiri la Mangochi. Chuma chawo chidadalira minyanga ya njovu ndi akapolo opita kunyanja yamchere. Johnston adabwera ndi asilikali a mtundu wa Sikh ochokera ku India, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, ndipo mu 1891 adamanga linga tsidya la mtsinje moyang'anana ndi mudzi wa Mponda. Lingalo ndilo Fort Johnston yoyamba. Boma lidasamukira pamalo pamene pali tauni lero mu 1897.

Nkhondo sizidamuyendere msanga. Mu December 1891 Maguire adaphedwa poyesa kuwononga zombo za Makanjira, ndipo kumayambiriro kwa 1892 Jalasi adagonjetsa gulu limene lidamupita, nalanda mzinga wake. Makanjira adathamangitsidwa mu 1893, linga la Fort Maguire nkumangidwa m'dera lake. Jalasi adagonja mu 1895, chaka chomwe Mlozi adanyongedwa ku Karonga. Amene adamuona pankhondo ankasimba za kamunthu kakafupi koyenda ndi ambulera yoyera pakati pa zipolopolo.

Apa mpamene mbiri yake imavuta kuiweruza. Kuti malonda a anthu adatha pa nyanja ino m'zaka zake nzoona, ndipo mabanja amene makolo awo adamasulidwa m'magoli sangachepetse zimenezo. Koma midzi idatenthedwa, mafumu amene sankagulitsa akapolo nawonso adalandidwa mphamvu, ndipo msonkho wa nyumba udayamba. Zikalata za malo zimene adapereka kwa azungu zidasiya minda yaikulu ya ku Shire Highlands m'manja mwa anthu ochepa, bala limene lidaphulika mu 1915 pa kuukira kwa John Chilembwe.

Mkati mwa zonsezi munthuyu sadaleke kutolera. Ku Zomba ankaweta nyama zakutchire pafupi ndi nyumba yake. Adabwera ndi katswiri wa zomera, Alexander Whyte, amene adakonza munda wa maluwa ndi mitengo kumeneko, ndipo mkungudza wa ku Mulanje udalandira dzina lake, Widdringtonia whytei. Zikopa za mbalame, zigoba za nkhono ndi nsomba za m'nyanja yathu zinkatumizidwa ku British Museum. Imodzi mwa nsombazo mpaka lero akatswiri amaitcha Placidochromis johnstoni, ngakhale msodzi wa ku Malembo kapena ku Makawa alibe nazo ntchito zimenezo. Johnston adafika pokonza yekha chizindikiro cha boma, chokhala ndi mtengo wa khofi pamwamba, ndipo adasankha mitundu itatu, wakuda, woyera ndi wachikasu, kuimira Afrika, azungu ndi amwenye. Asilikali ake adawaveka mitundu yomweyo. Buku lake lalikulu, British Central Africa, lidatuluka mu 1897 ndi zithunzi zojambula yekha.

Malungo a mkodzo wakuda adamuchotsa kuno mu 1896, chaka chimene adapatsidwa ulemu wa Sir. Chodabwitsa chachikulu cha moyo wake chidamupeza ali ku Uganda, kumene adatumikira kuyambira 1899 mpaka 1901. Mzungu wina wa ku Germany adagwira anthu afupiafupi a m'nkhalango za Congo kuti akawaonetse ku chionetsero ku Paris. Johnston adawalanditsa nawaperekeza kwawo, ndipo iwo adamuuza za nyama yobisala m'nkhalango ya Ituri. Poyamba adangopeza timalamba tiwiri ta chikopa chamizeremizere, ndipo akatswiri a ku London adaganiza kuti ndi mtundu wa mbidzi. Mu 1901 chikopa chathunthu ndi zibade zitafika, kudadziwika kuti nyamayo ndi mbale wa kadyamsonga. Adaitcha Okapia johnstoni. Eni nkhalango, amene adaidziwa kuyambira kalekale, maina awo sadalowemo m'dzinalo.

Atapuma ntchito adakhala m'mudzi wa Poling ku Sussex akulemba mabuku oposa 40, ena a nthano zopeka. Ntchito imene adaikonda koposa idali yofananitsa zinenero za Bantu mazanamazana, Chinyanja ndi Chiyao zili momwemo, ndipo idasindikizidwa m'mabuku awiri mu 1919 ndi 1922. Adadwala sitiroko mu 1925 namwalira pa 31 July 1927 pafupi ndi Worksop, osasiya mwana. Adaikidwa m'manda ku Poling, ndipo pa mwala wa manda ake pali mawu a Chiganda ochokera kwa Kabaka wa Buganda.

Wofuna kuona za nthawi imeneyo ku Mangochi apite pa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria pafupi ndi mlatho, pamene palinso mzinga wa sitima ya Guendolen, kapena akwere phiri la Mangochi chakufupi ndi Namwera. Makoma a linga limene lidamangidwa pa bwinja la Jalasi adakalipo pakati pa mitengo.